Namabatani ndi Gudumu la Kuchimbudzi

Kufakitale yosoka mayunifolomu onse ankamutchula kuti Namabatani, chifukwa ntchito yake inali yomweyo: kutola malaya, kusokerera mabatani, kuponyera wina. Anayamba ali mtsikana ndipo sanayankhepo munthu mwamwano. Mwamuna wake, wokonza mawailesi amene yakunyumba kwake inafa kalekale, ankanyadira kuti anakwatira mkazi wopanda pakamwa.

Tsono pamalopo chimbudzi cha amayi chinali chimodzi, chokhoma ndi loko. Kiyi ankasunga a kapitawo, bambo a mimba yoposa ya Namabatani, ngakhale woyembekezera anali Namabataniyo. Poopa kuti kiyi angasowe, anamumangirira ku gudumu lachitsulo la makina akale. Ukafuna kukadzithandiza unkaimika dzanja ngati mwana wasukulu, a kapitawo n'kuyang'ana wotchi yawo, iwe n'kunyamula chigudumucho kudutsa pamaso pa amuna odula nsalu, iwo akuimba mluzu. Munthu wamkulu, mayi wa ana, kulengeza za chikhodzodzo chake kwa fakitale yonse.

Pakati patakula, dzanja la Namabatani linkakwera pafupipafupi. Tsiku lina a kapitawo anafunsa mokweza: "Kodi mayi, munabwera kudzasoka kapena kudzathirira dimba?"

Anthu anaseka. Iye anangotsatira nzeru imene amayi a pamzere wa makina ankaphunzitsa watsopano aliyense asanamuonetse n'komwe poloweka ulusi: osamwa madzi. M'mawa tiyi ayi, masana kungonyowetsa milomo, zina zonse kupirira mpaka poweruka.

Posakhalitsa pokodza panayamba kuotcha ngati wathirapo tsabola, n'kumangotuluka timadontho tonunkha. Apongozi ake anati mimba imatero, asadzichititse. Mwamuna wake, katswiri wa mawaya, anayamba kumuyang'ana cham'mbali n'kumafunsa kuti matenda otere wawatenga kuti. Namabatani anameza zonsezo, poti china choti ameze panalibe.

Kenako thupi linatentha, msana unagwira cham'nthiti, ndipo ananjenjemera pamakina mpaka batani linakasokeka pakolala. Mnzake wosoka matumba ndiye anamukokera kuchipatala, osaimika dzanja.

Anamwino atayeza mkodzo anati matenda a m'chikhodzodzo akwera mpaka kuimpso, ndipo akanachedwanso mwana akanabadwa masiku asanakwane. Anamugoneka, n'kumuika diripi. Atamufunsa chifukwa chosamwera madzi, iye anafotokoza za gudumu. Anamwinowo anamuuza kuti amalize mankhwala onse, azimwa madzi ambiri, ndipo mkodzo asamausunge ngakhale atalamula ndani. Mwamuna uja anali pomwepo, maso ali pa nsapato zake. Sanapepese, anangogula nthochi.

Atachira anabwerera kuntchito ndi chigubu cha madzi, n'kuchikhazika pambali pa makina. Anamwa, namwanso. Itakwana nthawi sanaimike dzanja. Anatenga gudumu patebulo la a kapitawo, anakatsegula, ndipo pobwerera loko anali m'thumba la diresi lake. Gudumulo analigwetsa patebulo mpaka kapu ya tiyi inadumpha.

"Bambo, mwana wangayu anatsala pang'ono kufera chitsulo chanuchi," anatero osakweza mawu. "Mukakhomanso, ndidzakodzera pompano, pafupi ndi nsapato zanu zopolishazi. Ndipo ndamwa madzi ambiri."

Odula nsalu aja mluzu unawathera. A kapitawo anaopseza kuti akanena kwa abwana, koma atalingalira mmene nkhaniyo akaiyambire, anasankha chilango china: makina a Namabatani anawasamutsira kukona yonunkha, pakhomo penipeni pa chimbudzi.

Iye anathokoza kuti pafupika. Anakhala pamenepo ngati mlonda, chigubu pambali, ndipo amayi podutsa ankapempha kapu imodzi. Loko wina sanagulidwenso.

Mwana anabadwa masiku atakwana, wamkazi, wolira ngati wailesi yabwinobwino. Mpaka lero Namabatani sawapatsa moni a kapitawo.