Nkhoswe ya Mkamwini wa a Gertrude

A Gertrude anafika ku Wakefield, kuno kwa Angelezi, mu 2002, nthawi imene zipatala za kuno zinkakokolola manesi athu ngati kuti kwathu anthu anasiya kudwala. Anali mayi wamasiye wa mwana mmodzi, Temwa. Ine ndinawadziwira ku Leeds, ku mpingo wa Amalawi umene unkasonkhana m'holo yobwereka Lamlungu masana. Ndinali nditapuma kale pa ntchito yophunzitsa masamu, ndipo popeza kuno amalume enieni ndi osowa, mabanja ankanditenga ine kukhala nkhoswe.

Ankagwira ntchito pa wodi ya okalamba. Wodwala akawafunsa kwawo, ankajambula Africa ndi chala pa bulangete n'kuloza. "Dziko laling'ono, losauka, koma sitinamenyanepo nkhondo." Ankanena zimenezo mutu uli m'mwamba.

Temwa atakula anapeza mnyamata wachingelezi, Thomas, wokonza magetsi wa ku Middlesbrough. A Gertrude sanakane, koma anaika malamulo awiri. Chinkhoswe chikachitikire kumudzi ku Zomba, ndipo nkhoswe ya mwamuna ikhale malume ake enieni, mlongo wawo wa amayi ake. Ankaopa kuti mwana wawo angotengedwa ngati katundu, popanda wamkulu woti adzayankhe zinthu zikadzavuta.

Malumewo anali a Rowland, dalaivala wa basi wopuma. Tsiku lodzaonekera anabwera ndi bambo wina, a Wilfred, amene anakhala nawo nyumba imodzi zaka zambiri, ndipo anali atakalembetsa ubwenzi wawo ku boma monga lamulo la kuno linkalolera. Ife si ana, tinamva. A Gertrude anathira tiyi osataya dontho. Alendo atapita anakhala pansi.

"Achimwene, ndiye titani?"

"Munafuna malume, mlongo wanga. Akupatsani malume."

Ine sindinaleredwe kuti zotere ndizizitenga ngati zabwino, ndipo sindinama kuti ndinasintha. Koma a Rowland anandifunsa zimene ankhoswe ambiri achimalawi sanandifunsepo. Ana akayambana amayamba kupita kwa ndani? Nkhoswe imaloledwa kudzudzula mbale wake pamaso pa mkazi? Ntchito anaimvetsa.

Kenako, kumapeto kwa 2009, amuna awiri anachita chinkhoswe ku Blantyre ndipo apolisi anawamanga. Dzina la Malawi, limene Angelezi ankalephera ngakhale kulitchula, linadzaza manyuzipepala. Akuluakulu a boma anayamba kufuula kuti izi si zachimalawi, ndipo mtsogoleri wa dziko mwiniwake anadzawonjeza mawu ake. Munthu wophunzira, woyenda maiko, wodziwa bwino kuti mawu ake adzafika kuno. Kumudzi mafuta a galimoto anali atasowa, koma mphamvu zonse za boma zinathera pa anthu awiri. Iye ankayankhula ali pa mpando wofewa. Amene ankayankha mafunso anali a Gertrude, atanyamula beseni pa wodi.

Mwana wa wodwala wina anawafunsa, "Kwanu kuja mumamanga anthu chifukwa cha phwando?" Kuyambira tsiku limenelo, akafunsidwa kwawo ankangoti kum'mwera kwa Africa.

A Rowland anaimba foni. "Gertrude, ndiuzeni zoona. Ndikabwera ndi Wilfred, adzatimanga?"

"Sindikudziwa," anatero a Gertrude. Anandiuza pambuyo pake kuti mawu amenewo anawawawa kuposa mafunso onse a pa wodi, chifukwa anali oona. Anaganiza zoti chinkhoswe chichitikire ku Leeds, m'holo ya mpingo.

Apa ndi pamene analowerera a Yona, wapampando wa mpingo. A Yona amenewa ndinakawalandira ine pa siteshoni ya Leeds ali mwana wa sukulu, atavala malaya a manja aafupi m'chisanu, ndipo jekete yawo yoyamba inali yanga. Anaitanitsa komiti n'kuuza a Gertrude kuti:

"Mayi, ngakhale pulezidenti wanena. Sinthani nkhoswe. Apo ayi holo palibe, ndipo amayi a chigwirizano sabwera kudzaphika."

"Ndiye Thomas akagule malume ena ku msika?" anafunsa a Gertrude.

"Pezani aliyense wooneka bwino. Ngakhale ineyo ndikhoza kuimirira."

"Inu? Ana akadzayambana, Thomas adzakwera sitima kubwera kwa inu?"

Ine ndinafunsa kuti kodi pulezidenti ndi nkhoswe ya ndani muno. Palibe anaseka. A Yona anati akulu ena akakhalitsa kunja amaiwala kwawo. Mawu amenewo ndinawasunga.

Temwa atamva, anayankha amayi ake m'Chingelezi monga mwa masiku onse. Anati ngati a Rowland achotsedwa, iye ndi Thomas akalembetsa ukwati ku ofesi ya boma okhaokha, ndipo za chinkhoswe zithere pomwepo. A Gertrude anali ndi mpingo umene unawasunga kuyambira tsiku lofika, ndiponso mwana mmodzi. Anapemphera sabata yathunthu, n'kuuza a Yona kuti holo yawo asunge.

Chinkhoswe chinachitikira m'chipinda chochezera ku Wakefield, mipando itakankhidwira kukhoma. Nkhuku inali yowotcha mu uvuni. Ine, nkhoswe ya Temwa, ndinagwira mwendo uwu, a Rowland mwendo uwo, tinakoka. Pa amayi onse a chigwirizano anabwera awiri okha, polowera khomo la kuseri, ndipo anapempha kuti asajambulidwe. Mmodzi anayesa nthungululu koma inathera pakhosi.

Amuna awiri a ku Blantyre aja anadzakhululukidwa, maiko akunja atakalipa. A Yona sanakhululuke. A Gertrude anachotsedwa m'chigwirizano, ndipo nkhani inafika ku Zomba msanga kuposa zithunzi. Mlongo wawo weniweni wa ku Zombako anaimba foni kuti mkamwini wa banja lotero asadzaponde pakhomo pake. Temwa ndi Thomas ali pabanja, ndipo atayambana koyamba a Rowland anakwera basi kubwera kwa ine, tinakonza. A Gertrude kumudzi sanapitekonso. Masiku ano amapempha okha shifiti ya Lamlungu.