Mayi wa Sipanala m'chigafa cha apongozi

Chigafa chimene ndinkaonetseramo mafilimu sichinali changa. Chinali cha apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga, ndipo ine kwa Kapondo ndinali mkamwini chabe, mwana wa matenanti amene anachokera ku Phalombe kudzalima fodya wa eni ake pa esiteti. Apongozi aamuna atamwalira, pakhomo paja anasiya kulima fodya, chigafa n'kusanduka chogona mbuzi. Ndinachipempha kudzera mwa mkazi wanga, ndinachitchinga ndi mphasa ndi mapepala akuda apulasitiki, ndinakhoma mabenchi, kenaka ndinakagula kapulojekita ku Chipata. Ndinabwera nako pa njinga yamoto nditakakulunga m'jekete ngati khanda. Nsalu yoyera kutsogolo, batire ya sola kumbuyo, ntchito inayamba.

Chimene chinanditchukitsa ndi filimu ina ya zombo zouluka pakati pa nyenyezi. Inali ndi zigawo zinayi, ndipo anthu anaziloweza ngati katekisimu. Mayina a anthu a m'filimumo palibe ankavutika nawo. Mtsogoleri wa chombo ankangomuti Wachipewa, mdani wake ankamuti Chimutu. Munalinso gogo wina wamkazi wokonza injini za chombocho, amene ankangotulukira pang'ono, n'kukalipira aliyense, n'kubwerera kunsi kwa makina ake. Ameneyo tinamutcha Mayi wa Sipanala.

Chaka chimene ndikunenachi apongozi anayambiranso fodya. Anauza mkazi wanga, mkazi wanga n'kudzandiuza ine, kuti masamba apansi akangoyamba kucha ndichotse zidole zanga, chigafa chibwerere pa ntchito yake. Ndinapsa mtima kwambiri. Denga ndinafolera ndine, nsanamira zodyedwa ndi chiswe ndinasintha ndine, sopo ndi mchere wa pakhomo ponse zinkachokera m'chigafa momwemo, koma lero zinali zidole. Ndinalankhula zambiri usana umenewo, zonse kwa mkazi wanga, poti mkamwini sawiringula. Ine ndi apongozi tinkapewana monga mwa mwambo. Tikakumana m'njira wina ankapatukira m'thengo, moni tinkapatsana titanjuta, nkhope zitayang'ana kwina. Munthu amene sungamuyang'ane m'maso ungakangane naye bwanji?

Nkhani ya zombo ija inali itatha pa gawo lachinayi. Koma mu Januwale wa chaka chomwecho mnzanga wa pa boma woika mafilimu m'mafulashi anandiimbira foni kuti eni ake atulutsa ina, ndipo anyamata omasulira m'Chichewa aimaliza kale. Sinali gawo lachisanu ayi. Anangotenga Mayi wa Sipanala uja n'kumupangira filimu yakeyake. Alimi a fodya atamva anati imeneyo ndi mphukira, zija zimamera pambali ukadula nsonga, ndipo dzina linakhala lomwelo.

Anyamata a pa msika anayamba kuinyoza asanaione.

"Wachipewa mulibe?" anandifunsa wina wometa tsitsi.

"Mulibe."

"Nanga Chimutu?"

"Chimutu anafa, munaona nokha."

"Ndiye tikaonere agogo akumanga mabawuti? Mwatigwira m'maso, achimwene."

Ine ndinali nditaionera kale ndekha pa foni, ndipo ndinkadziwa chimene ndasunga. Ndinangomuuza kuti abwere Lamulungu masana, ndipo akapanda kudzuka pa benchi ngakhale kamodzi ndidzamulola andimete mpala.

Lamulungu lija anthu atangoweruka ku tchalitchi anayamba kufika. Pofika thuu koloko m'chigafa munalibe poponda. Munali anyamata onyoza aja, matenanti a pa esiteti ndi nsapato zawo za matope, azimayi ogulitsa zitumbuwa amene anasiya mabeseni pakhomo, ngakhale mkulu wina wa kwaya amene ankalalikira kuti mafilimu ndi msampha wa Satana. Ndikuti ndiyatse, mkazi wanga analowa n'kundinong'oneza kuti amayi ali panja ndi anzawo awiri, akuti akufuna aone chimene chikudya chigafa chawo.

Malo okhawo otsala anali kabenchi ka kumbuyo, pafupi ndi tebulo la pulojekita pamene ndinkakhala ine. Analowa atafunda chitenje kumutu, anzawo awiri aja n'kukhala pakati pathu ngati mpanda. Ine ndinatembenuzira mpando wanga kukhoma, ndipo filimu ndinaiyatsa ndi dzanja lopapasa.

Poyamba pansalu panali mdima wokhawokha ndi tinyenyezi. Kenaka kunamveka kulindima kochokera pansi, sipika yanga n'kuyamba kunjenjemera patebulo. Chombo chinatulukira chapamwamba, ngati chikuchokera kumbuyo kwathu n'kudutsa pamitu pathu. Mabenchi atatu akutsogolo anawerama onse pamodzi. Wometa uja sanangodzuka, anakhala pansi penipeni. Chombocho chinali chozungulira, chophwatalala, pansi pake pali mizere yopingasana ngati zoluka.

"Lichero," anatero mmodzi mwa anzawo a apongozi, osakweza mawu n'komwe.

Mawu amenewo anayenda m'chigafa monse. Ndani kwathu kuno sadziwa amene amauluka pa lichero? Ena anafa nacho chiseko, ena anachita chizindikiro cha mtanda. Mkulu wa kwaya anaimirira n'kunena kuti iye ananena kale, azungu nawonso amatamba, kungoti awo amaika magetsi. Tenanti wina wa ku Mulanje anamuyankha kuti ngati ufiti wake ndi umenewu iye akulembetsa lero lomwe, akafike kwawo osadikira lole ya bwana. Phokoso linakula mpaka ndinaimitsa filimu. Nditafunsa ngati ndipitirize, onse anakuwa kuti ndibweze kaye pomwe lichero likutulukira. Ndinabweza katatu, ndipo katatu konse akutsogolo anawerama.

Ndinali nditaonetsa mafilimu zaka zingapo, koma zoterezi ndinali ndisanazione. Zigawo zinayi zakale zija, ukayang'anitsitsa, unkatha kuona kuti moto uwu ndi wojambula, chilombo ichi ndi munthu wavala chinyawu. Mu mphukira iyi munalibe msoko. Chombo chitagwa pa dziko lina la mchenga wofiira, fumbi linabwera molunjika kwa ife, ndipo mayi wina anaphimba mwana wake kumaso ndi nsalu. Dzikolo linali ndi madzuwa awiri, lalikulu ndi laling'ono, ndipo Mayi wa Sipanala poyenda anali ndi zithunzithunzi ziwiri, china kumanja china kumanzere. Anazindikira zimenezo ndi mlimi wina wachikulire, ine amene ndinali nditaionera kale sindinazione. Anaimirira n'kuloza.

"Taonani pansipo. Anthu awa anapitadi kumeneko. Wabodza sangakumbukire chithunzithunzi chachiwiri."

Mphunzitsi wina wa pulayimale anayesa kufotokoza kuti zonsezo amapanga pa kompyuta, munthu amangoyenda m'chipinda chopanda kanthu. Anamuwowoza. Wina anamufunsa ngati kompyuta ya ku sukulu kwawo inatulutsapo fumbi. Alimi anayamba kutsutsana ngati fodya angachite bwino ku dziko la madzuwa awiri. Ena ankati angapse asanakhwime, ena ankati kumeneko chigafa n'chosafunika, wathyola m'mawa madzulo wamanga belo. Pa mawu akuti chigafa ndinaba diso kuyang'ana kumbali. Chitenje cha apongozi chinali chitatsikira m'mapewa, ndipo anali atasendera kutsogolo kwa benchi, pakamwa pali pululu.

Ndinasangalala, ndisaname. Ndinati m'mtima, onerani mayi, zidole zija ndi zimenezi.

Gogo wa m'filimu uja anali wolusa kuposa kale. Anamenya chilombo cha miyendo isanu ndi umodzi ndi sipanala pamphuno, azimayi n'kululutira. Anamasula injini yonse ya chombo yekha, zitsulo zikuyandama m'malere momuzungulira, iye n'kumazitola chimodzichimodzi ngati akutola mango. Wokonza njinga wa pa msika anavula chipewa n'kunena kuti mayi ameneyu akadzafika pa Kapondo iye adzatseka shedi. Za Wachipewa panalibenso anazikumbuka.

Chakumapeto filimu inazizira. Zinadziwika kuti gogoyo sanagwe pa dziko lija mwangozi, ankafunafuna mwana wake wamwamuna amene anapita ku nkhondo osabwerako. M'chombo china chakugwa anapeza kabokosi. Atakatsegula, mnyamatayo anatuluka wathunthu, ataimirira pakati pa chipinda, thupi lake lonse lili kuwala kobiriwira, akulankhula ndi kumwetulira. Anyamata anakuwa kuti mzukwa, ena n'kumafunsa mtengo wa foni yoteroyo. Gogo uja anatambasula dzanja kuti amugwire tsaya, dzanja n'kungopyola.

Apa m'pamene ndinamva benchi ya pambali panga ikulira. Apongozi anaimirira, anafundanso chitenje, n'kutuluka filimu isanathe. Anzawo anawatsatira monyinyirika, akuchewukira kunsalu.

Chimwemwe chonse chinandithera. Mkazi wanga ali ndi mchimwene wake, mwana wamwamuna yekhayo wa apongozi, amene anapita ku Joni kukafuna ntchito. Zaka ziwiri zoyamba ankaimba foni, kenaka nambala inangosiya kulowa. Amene amabwera kuchokera kumeneko ena amati anamuona, ena amati sakumudziwa. Pakhomo paja dzina lake silitchulidwa. Ine filimu ndinali nditaionera, malo amenewo ndinkawadziwa, koma mutu wanga unali pa lichero ndi fumbi basi. Anthu anatuluka akuimba nthungululu, akundigwira chanza, wometa akulonjeza kubwera ndi abale ake onse a kwa Kachebere. Ine ndinkangoganiza kuti chigafa chapita, ndipo ndachitaya ndi manja anga.

M'mawa mwake ndinayamba kumasula mawaya ndisanauzidwe. Ndili pakati pomasula ndinamva kukhosomola kunja, kuseri kwa mphasa.

"Odi, apongozi."

Anali apongozi anga aja, okha, opanda mkazi wanga pakati. Ndinanjuta pomwe ndinalipo, ngakhale samandiona.

"Lowani, amayi."

"Ayi, ndili pompano. Ndimati ndifunse. Kabokosi kaja kanatulutsa mwana dzulo, makina anuwa angathe?"

Ndikanatha kunama, ndipo bodzalo likanandisungira chigafa mwezi wina. Koma mawu awo anali a munthu amene sanagone.

"Sangathe, amayi. Aphunzitsi aja amanena zoona, zija n'zopanga. Kulibe kabokosi kotero."

Ndinamva mapazi akutembenuka.

"Koma pali chithunzi chawo cha alamu mu foni ya mwana wanu," ndinatero mofulumira. "Chija anatumiza ali pa ntchito. Chimenecho ndingathe kuchiika pansalu. Sichilankhula, koma chimakula."

Chithunzicho anali atachionapo kamodzi, pa kagalasi kosweka ka foni, maso awo n'kale anayamba kuchita nkhungu. Ndinathamanga kukatenga foni kwa mkazi wanga amene anali kumunda, ndinalumikizanso mawaya ndinamasula aja. Pobwera ndinawapeza atalowa kale, atakhala pa benchi ya kutsogolo.

Mlamu wanga anadzaza nsalu yonse. Anali ataima pafupi ndi mulu wa njerwa, atavala ovolosi ya buluu, akuseka, mpata wa mano ake ukuoneka bwinobwino. Apongozi anadzuka n'kupita kunsalu. Atangofika pafupi, mthunzi wawo unamuphimba mwanayo, pansalu n'kutsala mdima wooneka ngati iwo omwe. Anabwerera m'mbuyo mwamantha, iye n'kuonekanso. Anayesa kachiwiri, chimodzimodzi.

"Muime chapambali, amayi," ndinatero. "Kuwala kukuchokera kuno kwa ine."

Anasendera kumbali, anatambasula dzanja kuchokera m'mphepete, n'kuligoneka pa tsaya lake. Kuwala kunagwera pa zala zawo. Anakhala choncho nthawi yaitali, ine ndikuyang'ana pansi, ndikumva mbuzi zikulira kunja.

"Anali atanenepa," anatero pomaliza.

"Eya, amayi."

Anakonza chitenje n'kulunjika kukhomo. Ali pakhomopo, atandifulatira, anati fodya akayanika kwa achimwene awo, chigafa cha achimwenewo n'chachikulu ndipo chaka chino alima wochepa. Muno ndisachotsemo kanthu.

Ndinapambana, koma sindinathe ngakhale kuthokoza bwino. Ndinangoomba m'manja pang'onopang'ono. Iwo anaima kanthawi, dzanja lili pa nsanamira.

"Mawa nthawi ngati yomwe ino," anafunsa, "batire yanuyo ikhala ili ndi moto?"