Ndinadikira mawu a atsibweni, mlamu wanga nafera pa rimandi

Inu owerenga, ine ndinalola munthu kufera m'ndende chifukwa cha ulemu. Sindinamukhudze ndi dzanja langa, koma ndinatseka pakamwa pa nthawi imene mawu anga akanamutulutsa.

Ndimakhala ku Maryhill, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Mkazi wanga anamwalira konkuno ku Glasgow. Ali gone m'chipatala anandigwira dzanja nati, "Bambo a Chisomo, musamuiwale Yohane." Yohaneyo anali mchimwene wake, mlamu wanga. Anamangidwa kumudzi munthu wina atapezeka wakufa m'dimba loyandikana ndi lake. Zaka zinapita ali pa rimandi, osaonekerako pamaso pa woweruza.

Lamulungu lina tikumwa tiyi titatuluka m'tchalitchi ku Dennistoun, ndinafotokozera nkhaniyi Tadala, mtsikana wakwathu amene akuphunzira zamalamulo. Anaika kapu pansi. Anati pali pempho lotchedwa habeas corpus, lokakamiza oyang'anira ndende kubweretsa mkaidi kukhoti ndi kufotokoza chimene akumusungira. Akalephera, munthuyo amamasulidwa. Anandipezeranso loya ku Lilongwe. Chotsala chinali choti wachibale mmodzi amuuze loyayo kuti ayambe.

"Ankolo, imbani mawa lomweli," anatero Tadala.

Sindinaimbe. Kwathu mkamwini salamula za mbumba ya eni. Ndinaona kuti mawu ayenera kuchokera kwa atsibweni a mkazi wanga, ndiye ndinaimbira iwowo. Anati tithane kaye ndi chiliza cha malemu mkazi wanga, si bwino kutsegula mlandu misozi isanaume. Ndinavomera. Chiliza chitamangidwa anati akambirane ndi abale ena. Ndinavomeranso. Ndinene chilungamo, mumtimamu munalinso kafunso koti, nanga ngati anachitadi? Ndinkadziuza kuti ine sindiweruza munthu, ndingopemphera, osadziwa kuti kudikira kwangako kunali kumuweruza kale.

Tadala ankandifunsa sabata ndi sabata, mpaka ndinayamba kutulukira khomo lina la tchalitchi. Amene anandidzutsa ndi mwana wanga Chisomo. Iye amayankha m'Chingerezi cha kuno, koma tsikulo anayesetsa Chichewa chake chopotokacho.

"Adadi, amami anapempha inuyo. Sanapemphe agogo."

Apo ndiye ndinaimba. Loya anapereka pempho lija, khoti n'kuika tsiku. Yohane atamva, akuti anapempha mkazi wake kuti amugulire malaya oyera oti akavale pamaso pa woweruza. Koma chifuwa chinali chitamudya kale. Anamwalira tsikulo lisanakwane.

Ndinafunsa loya ngati nkhaniyo ingapitirire kuti dzina la malemu liyere. Anandiyankha mofatsa kuti pempho limeneli limafuna chinthu chimodzi chokha, kuti munthu wamoyo atulutsidwe. Munthuyo akapita, khoti limasowa choti lilamule, ndipo nkhani imathera pomwepo. Anati banja likhoza kuyambitsa mlandu wina wofunsa za imfa yake, koma atsibweni anakana, amvekere wogona musiyeni agone. Mpaka lero palibe woweruza amene ananenapo kuti Yohane anasungidwa mosayenera. Kumudzi ana ake amalozedwabe chala kuti ndi ana a wakupha munthu.

Ndimapita kuntchito, ndimasambitsa ndi kuveka makolo a anthu ena, ndipo ndikamamanga mabatani a malaya awo ndimakumbukira mlamu wanga. Ndinalapa kwa Mulungu, ndikhulupirira anandimva. Koma sindidziwa chimene ndidzamuyankhe mkazi wanga.

Inu amene muli kuno kutali, m'bale wanu ali pa rimandi kumudzi, akulu alemekezeni ndithu, koma imbirani kaye loya, kupepesa mudzachite pambuyo. Atsibweni akanakwiya, ndikanawagwadira iwo n'kundikhululukira. Kwa Yohane ndilibenso kokagwada. Malaya oyera aja anawavala ndithu, koma anachita kumuveka ali m'bokosi.