Obwezera Mankhusu Mumpunga

A Fagness analowa m'banja la a Kaliati ku Golomoti ngati mkazi wachiwiri, akadali namwali. Mkazi wamkulu, a Ida, sanawapatse ngakhale madzi akumwa. Zaka makumi anayi makomo awo anapenyana, ndipo ankapikisana pa chilichonse: kuwokera mpunga kudambo, kuzira m'nyumba, ngakhale kubuma pa maliro a mwamuna wawo.

Kenaka kunadza matenda oiwala. A Ida anayamba ndi kusochera njira ya ku mjigo, potsiriza anaiwala ana a m'mimba mwawo omwe. Anawo anali m'tauni, ndipo amene anatsala ndi beseni la madzi ofunda m'mawa uliwonse anali a Fagness. Nkhope yawo yokha ndiyo a Ida sanaiiwale.

"Iwe wolanda amuna a eni, ukundikhula ngati mphika!"

"Tembenukani, akulu, kumsanaku sikunathe."

Chisanu ndicho chinkavuta. Mwera ukayamba kuwomba mu Juni, a Ida ankadzipinda m'bulangete, phala osalikhudza, maso ali padenga. Tsiku lina a Fagness anayala mkeka kuseri kwa nyumba, kumene dzuwa limafika msanga koma mphepo siifikako. Anaikapo dengu la mpunga wosinja ndi malichero awiri, nayamba kupeta mwadala ngati mwana wophunzira.

A Ida anasuzumira. "Ndi kupeta kumeneko? Amako anakulera bwanji? Bweretsa kuno!"

Manja aja anakumbuka zonse. Mpunga unkauluka n'kubwerera m'lichero osagwa ndi njere yomwe, a Ida akung'ung'udza nyimbo za pamtondo ndi kunyoza mnzawo. Dzuwa likafika pamutu ankadya mbatata zootcha ziwiri, nagona tulo tabwino. Tsono mpunga wa chaka chimenecho unali wochepa, sukanakwana kupeta miyezi itatu. Choncho a Ida akangogona, a Fagness ankawola mankhusu aja n'kuwabwezera m'dengu, kuti mawa kukhale ntchito.

Lameck, mwana woyamba wa a Ida, anawapeza akuchita zimenezo. Anatulukira pa galimoto kuchokera ku Lilongwe, Khirisimasi ziwiri zitadutsa asanaponde pakhomopo.

"Mayi aang'ono, ichi n'chiyani? Amayi apete, inu muzithiramonso zinyalala?"

"Takhala pansi, mwanawe, ndikuuze."

"Mundiuza chiyani? Ndaona ndi maso anga. Mukulipsira zakale pa munthu wodwala! Nkhalamba kuigwiritsa ntchito kunja kukuzizira chonchi?"

A Fagness anasiya kuwola mankhusu aja. Kulipsira! Amene wachapa nsalu zonyowa zaka zitatu, chimbudzi kuperekeza, usipa kuchotsa minga, ndiye wolipsira? Ndipo wonenayo ndi munthu amene amatumiza juzi pa minibasi n'kuyesa kuti walera make!

"Kwanuko akachita chiyani tsiku lonse?" anafunsa.

"Akapuma. Kuli chipinda chofunda, kuli kanema, geti ndi lokhoma. Sakagwiranso lichero."

"Ndiye ukukawaika m'manda akupuma."

Lameck sanamve. Anapita kwa malume ake, mwini mbumba, ndipo malumewo, atalandira shuga ndi jekete, anagamula kuti mwana ali ndi mphamvu pa make, mkazi mnzake si mbale. A Fagness anangoti kukamwa yasa. Si mbale! Nanga abalewo anali kuti pamene a Ida anasowa tsiku lathunthu, n'kukapezeka m'bango akunjenjemera?

M'mawa mwake anawaveka a Ida juzi yatsopano ndi masokosi. Pofika pa galimoto nkhalamba inakakamira chitseko, ikuyang'ana Lameck ngati wakuba.

"Bambo awa ndani? Akunditengera kuti?"

"Ndine Lameck, amayi, mwana wanu."

"Lameck ali kusukulu." Maso awo anafunafuna mpaka anapeza a Fagness. "Iwe! Wandigulitsa kuti utsale wekha pakhomo pano eti?"

A Fagness anatembenuka. Analowa m'nyumba, namanga nsalu ziwiri pa kamtolo, nasenza dengu lija ndi mankhusu ake omwe. Nkhuku anazisiya m'manja mwa mnansi. Munthu amene sanapitirirepo Salima chibadwire anatsegula yekha chitseko cha kumbuyo, nakhala, dengu pamiyendo.

"Mayi aang'ono, malo anu sitinakonze. Ndiponso zimenezo zidetsa mipando."

"Udzasesa. Ukafuna kutsekera, utitsekere tonse awiri. Akulu, lowani, kapena ndikafike ndine poyamba?"

A Ida anasiya chitseko chija msangamsanga.

"Uyambe iwe? Sendera uko, mwana wopanda mwambo."

Lameck anaima kanthawi, makiyi ali m'manja, kenaka analiza galimoto.