Atate ndi gofu ya pafoni

Mwaswera bwanji nonse abale anga.

Lero ndinapita ku Tembwe kukaona atate. Paja chidwalireni sitiroko dzanja lawo lamanzere siligwira bwino, ndipo kampira kofinya kamene anawapatsa kuchipatala anakataya kalekale. Ndawapeza pansi pa mtengo wa mango, foni ili pabondo, akusewera gofu ya pa intaneti imene alamu anawaikira pa Khirisimasi.

Kaseweredwe kake, umakoka chala pafoni, ukachichotsa, mpira umauluka, ndipo amene waulowetsa m'dzenje atamenya kochepa ndiye wapambana. Akuti poyamba dzenje limodzi ankamenya kasanu ndi kawiri. Manje amayamba aona kamuvi kosonyeza mphepo, ndipo akafika pafupi ndi dzenje sakoka mwamphamvu. Lero alowetsa atamenya katatu, ine ndikuona.

Koma akusewera ndi chala chakumanzere. Dzanja lamanja achita kulikhalira, lili pansi pa ntchafu. Nditafunsa chifukwa chake, ayankha osandiyang'ana, akuti, "Lamanja linamaliza kale sukulu. Ili ndiye likuphunzira." Chala chikayamba kunjenjemera amadikira mpaka chisiye, ndiye n'kukoka.

Amama sakukondwa nazo. Akuti, "Dzulo anaiwala kumwa mankhwala chifukwa cha mpira wawowo. Chotsa zimenezi mufoni."

Sindinachotse, ndawauza kuti ndiyambe ndafunsa inu. Komanso mudziwe kuti kapu ya tiyi lero atate anyamula okha ndi dzanja lamanzere lomwelo. Tiyi wina watayikira pa buluku, wina amwa.

Nanga inu mukuti bwanji, ndichotse kapena ndisiye?