Kaliwo Wosaboola

A Kuramochi asema akaliwo ku Katsushika kwa zaka makumi asanu, m'kachipinda kakuseri komwe dzuwa limangosuzumira m'mawa. Muzu wa mtengo wolimba wa buraya amaulandira kuchokera kutsidya kwa nyanja, n'kuuponya kudenga zaka zisanu ndi ziwiri kuti uume. Akautsitsa amaunyambita kaye kuti mizere yake ioneke. Mizere ikapendekeka, kaliwonso apendekeke. Iwo salimbana ndi mtengo. Pakamwa pa kaliwoyo amasiyapo khungwa lokhakhala, ogula n'kumasirira pomwepo.

Munthu satenga kaliwo kwa iwo asanalume phula. Akaluma, iwo amasema cholumira motsata manowo, phulalo n'kulisunga m'dirowa, lililonse ndi dzina la mwini wake.

Palinso ntchito ina imene saikamba. Wosuta akamwalira, abale amafuna kumuikira kaliwo m'bokosi. Koma buraya amakana moto, ndipo kotenthera maliro safuna zotsalira pakati pa mafupa. Choncho a Kuramochi amasema wina wa kiri, mtengo woyera wopepuka ngati bango, osamuboola. Wakufa sakoka utsi.

Chinami, mkazi wa mwana wawo Noboru, ndiye anaona kuti zinthu zasintha. Kawiri chaka chimenecho nkhalambayo inasema kaliwo woyera uthenga wa maliro usanabwere. Woyamba unafika patapita masiku atatu. Wachiwiri, tsiku lomwelo masana.

Sanauze munthu. Akanauza ndani? Noboru anali m'chipatala sabata yachiwiri, madokotala akungonong'onezana za kadontho pa phapo lake.

Lachinayi m'mawa Chinami anapititsa tiyi kukachipinda kaja, khanda lake Sayo lili kumsana. Fumbi la buraya ndi lofiirira. La tsikulo linali loyera mbuu. Pathebulo panali phula, ndipo manowo anawadziwa: kampata kumanzere, pomwe Noboru amapanira kaliwo wake.

"Bambo, kaliwo ameneyo ndi wa yani?"

"Tiyi wa lero wafika wamoyo?" anatero a Kuramochi osadzutsa mutu. "Wa dzulo anafera panjira."

"Ndafunsatu, bambo."

"Ikani apo muzipita, amake Sayo. Mwana angapume fumbi."

"Akuchipatala aimba? Aimba ine ndili koyanika zovala?"

"Aimbire ine gonthi? Manja andiyabwa, basi. Ndikanawamanga?"

"Muboolenitu."

"Kiri? Angapse ndi machesi oyamba! Zaka zinayi m'nyumba muno, munangophunzira kupsereza nsomba?"

"Chonde, bambo. Muboole."

Tupa inapitiriza kulira, khwe, khwe, khwe.

Chikwatiwire Chinami anali asanalandepo chinthu m'manja mwa apongozi ake. Tsikulo analanda. Anamupanikiza kaliwoyo pathebulo, n'kutenga choboolera cha pamanja, n'kuyamba kupotokola. Mtengowo unali wofewa moopsa, ngati mbatata yophika. Kumsana Sayo anadzuka koma sanalire. Anangotembenuza mutu n'kuyang'anitsitsa madirowa aja. Chitsulo chinalowa mokhota, chinatulukira m'mbali. Chinami sanasamale. Anaika kaliwoyo pakamwa n'kuuzira. Mpweya unadutsa ndi kamluzu kowonda, ngati ka munthu wogona chagada.

"Wabooka," anatero Chinami. "Tsopano ndi wa munthu wamoyo."

 A Kuramochi anatola phula lija, analilowetsa m'kamwa mwawo, n'kutseka mano pang'onopang'ono. Linakhala gwa, dzino lililonse m'malo mwake. Atalitulutsa Chinami anaona kuti linali lofewabe, lam'mawa womwewo.

"La amuna anu lili m'dirowa lachitatu," anatero. "Kusuta anaphunzira kwa ine, kuluma komwe. Mwandiwonongera kaliwo wanga wabwinobwino, amake Sayo. Ndinali nditamumvetsa khosi lake."

 Chinayamba kufika kwa Chinami ndi chimwemwe, chachikulu, chosapempha malo. Manyazi anabwera pambuyo, anamupeza atagwira kale pakamwa.

"Bambo, kodi mukudwala?"

"Ine? Ndadya mbale ziwiri za mpunga, simunaone?"

Anawerama pansi pa thebulo, anasolola thabwa la kiri, n'kuyesa ndi chala. Sowo inayamba kudya. Chinami anaima pakhomo, akugwedeza mwana amene sanali kulira, maso ali pa thabwalo, akuwerenga zidutswa zomwe adule.

Chidutswa chimodzi chinagwa, cha kaliwo mmodzi.

Sanachoke mpaka sowo ija itapachikidwa pamsomali.