Khwangwala wa Kwawo kwa Mkazi Wanga

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale ana anga. Ndikuilemba ndekha, ndi dzanja lomwe linaphunzira kugwira cholembera kusukulu ya kwacha ndili kale ndi imvi.

Mkazi wanga Tupokiwe anali wa ku Misuku. Akhwangwala akatera m'munda mwathu ku Kaseye, iye ankati, "Akwathu sali chonchi. Ndi aakulu, chifuwa n'chakuda, poyera ndi kumbuyo kwa khosi kokha. Tiyeni mukawaone."

Ine ndinkangoseka. "Khwangwala ndi khwangwala. Tidzapita tikakolola."

Tinakolola zaka zambiri. Kenako miyendo yake inayamba kutupa, ndipo chaka chatha tinamuika m'manda konkuno ku Kaseye.

Ndinanyamuka ulendo wa ku Misuku kutangocha, nyengo yozizira, chitenje chake ndili nacho m'chikwama. Wa kabaza anandifikitsa pa Boma mano akugundana. Ndinamwa tiyi ndi mandasi pafupi ndi msika, ndikuyang'ana akhwangwala akulimbirana zinyalala. Onse anali a chifuwa choyera, ngati amuna ovala malaya a kutchalitchi koma akuba.

Minibasi ya ku Kapoka inandidyera masauzande atatu, ndipo ndinakhala mopanikizana ndi thumba la usipa. Pa Kapoka, pomwe msewu wa ku Misuku umapatukira, ndinadikira galimoto mpaka masana. Mayi wina wogulitsa nthochi anandifunsa kumene ndinkapita, "Mukuya nkhu, asekuru?"

"Kukaona khwangwala."

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Nawa apa pamtengo, aulere! Mukukwereranji phiri?"

Ndinaseka nawo. Ndinazindikira kuti ndi momwemo ndinkasekera inenso.

Kunabwera lole yonyamula simenti, tinakwera pamwamba. Msewu ndi wokhotakhota, wokwera wokhawokha. Pamtunda wina lole inalira n'kukana, dalaivala n'kutiuza kuti titsike tiyende pansi. Ndinafika pamwamba ndikupuma ngati ng'ombe yangolo. Kuyambira pamenepo kunali minda ya khofi ndi nthochi mbali zonse, mphepo yake yolowa m'mafupa.

Dzuwa litapendeka ndinafika kwa alamu anga a Ambokile, mchimwene wake wa malemu. Tinali titaonana komaliza pamaliro.

"Mwaghona, alamu," anandilonjera. "Kwagwanji?"

Anandipatsa mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, ndipo nditadya ndinawauza chimene ndadzera. Iwo sanaseke. Anatenga ndodo n'kunditsogolera kuthanthwe lina m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese.

"Khalani apa. Amabwera madzulo, awiriawiri. Mukamva mawu, musathamangire khosi. Yambani mwaona chifuwa."

Tinadikira nthawi yaitali. Kenako ndinamva kulira kwa mawu aakulu, osasa, kosafanana ndi phokoso la aja a kumsika. Anatera awiri pamwala patsogolo pathu. Chifuwa chakuda bii. Mlomo wonenepa, wopindika, nsonga yake yoyera. Mmodzi atawerama kuti atole kanthu, ndinaona kuyera kuja kumbuyo kwa khosi, pomwepo pamene Tupokiwe ankadzigwira ndi dzanja akamandifotokozera.

"Ali mtsikana ankabwera pano kudzatola nkhuni," anatero alamu, maso ali kwa mbalamezo. "Chaka chilichonse ankatitumizira mawu: tibwera tikakolola."

Anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Ndiye mwakolola, alamu?"

Ndinatulutsa chitenje chija n'kubisamo nkhope. Iwo anandisiya ndilire mpaka mbalame zija zinauluka, kenako anandigwira mkono potsika chifukwa njira inali yoterera.

Kusiyanitsa akhwangwala awiriwa sikovuta ayi. Wa kwathu chifuwa n'choyera, wa kumapiri n'chakuda, basi. Ndipo ulendo wokaona zimenezi ndi wa tsiku limodzi lokha. Ichi ndicho chimandipweteka.

M'mawa mwake ndinabwereka khasu, ndinapita kumunda wakale wa apongozi anga, n'kukumba mphukira ya nthochi pamodzi ndi dothi lake. Chitenje chija ndinabwera nacho kuti ndichisiye kwa abale a Tupokiwe, koma ndinakulungiramo mphukirayo.

"Ndikukabzala kumutu kwa manda ake," ndinawauza alamu, n'kuyamba kutsika phiri.